Funsani Aphunzitsi: Za pa tebulo la Khirisimasi ku Germany

Makalata a mwezi uno afika ngati munachita kupangana, pafupifupi onse akufunsa za chakudya cha Khirisimasi ku Germany. Ndakondwa nazo, chifukwa mabuku ambiri ophunzirira Chijeremani amangoika tsamba limodzi la zithunzi za makeke n'kupitirira, pamene munthu amene ali kumeneko amakumana ndi mawu amenewa tsiku ndi tsiku kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka chaka kutha. Makalata ena ndawafupikitsa, ndipo mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Aphunzitsi, ndili ku Leipzig kumene ndikulera ana pabanja lina uku ndikuphunzira chinenero. Mayi a pakhomo pano andiuza kuti pa 24 Disembala madzulo tidzadya Kartoffelsalat mit Würstchen. Nditayang'ana mu dikishonale ndapeza kuti ndi saladi wa mbatatesi ndi masoseji basi. Tsiku lalikulu ngati limeneli n'kudya zimenezi? Kapena aona kuti mlendo wake ndi ine, ndiye palibe chovutikira? Ndine mtsikana wodabwa.

YANKHO: Achemwali, khazikani mtima pansi, palibe amene wakupeputsani. Madzulo a pa 24 Disembala, amene amawatcha Heiligabend, ndi a banja lokhalokha, ndipo ngati akuuzani kuti mudzakhale nawo pa tebulo ndiye kuti akuyesani wa m'nyumbamo. Chakudya mwatchulacho n'chimene mabanja ambirimbiri amadya usiku umenewo, olemera ndi osauka omwe.

Zifukwa zake zilipo ziwiri. Choyamba ndi cha tchalitchi. Kale nyengo ya Advent, imene imayamba Lamulungu lachinayi Khirisimasi isanafike, inali nyengo yosala, ndipo pa 24 linali tsiku lomaliza kusala. Phwando linkadikira mawa lake. Kusalako anthu ambiri anasiya, koma chizolowezi chodya zopepuka chinatsala. Chachiwiri ndi ntchito. Pa 24 si tsiku la tchuthi lovomerezeka ndi boma. Ambiri amagwirako ntchito m'mawa, masitolo amatseka pofika 2 koloko masana, mtengo wa Khirisimasi uyenera kukongoletsedwa, ana ali ndi sewero la kubadwa kwa Yesu kutchalitchi, limene ndi das Krippenspiel, ndiye pobwerako pali die Bescherung, nthawi yopatsana mphatso. Inde, mphatso amatsegula pa 24 madzulo, osadikira pa 25. Pa tsiku lotere ndani angaime pa uvuni maola anayi? Saladi amakonzeratu dzulo lake, masoseji amangowatenthetsa m'madzi.

Mudzalawe bwino saladiyo. Kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo amakonda kuthiramo mayonezi, pamene kum'mwera, ku Bayern ndi ku Schwaben, amathira msuzi wotentha, viniga ndi mafuta, ndipo mbali iliyonse imaona kuti inzakeyo imalakwitsa. Ine ndili kumbali ya msuzi, chifukwa mbatatesi imamveka kukoma kwake.

Mabanja ena amadya nsomba yotchedwa der Karpfen, imene ndi chotsalira chenicheni cha masiku osala nyama. Mukamva Karpfen blau musaganize kuti aipaka utoto: amaithira viniga wotentha isanaphikidwe, ndipo khungu lake limasanduka labuluu, ndilo tanthauzo la blau. Ena amasunga mamba ake m'kachikwama ka ndalama kuti chaka chamawa asadzasowe khobidi. Kumapiri a Erzgebirge, kufupi ndi kumene muliko, kuli mwambo wa Neunerlei, zakudya zisanu ndi zinayi pa tebulo limodzi, chilichonse ndi tanthauzo lake: tinyemba totchedwa Linsen timaimira ndalama zing'onozing'ono, pamene Klöße, timipira ta mbatatesi, timaimira zikuluzikulu. Masiku ano kwafalanso Raclette, pamene aliyense amasungunula tchizi m'kachiwaya kake pa tebulo pomwepo.

Pali funso limodzi limene ndikufuna muloweze, ndipo mulifunse kwa Mjeremani aliyense amene mungacheze naye mwezi uno: "Was gibt es bei euch an Heiligabend?" Ndiko kuti, kwanu mumadya chiyani pa Heiligabend? Ngakhale munthu wosakonda kulankhula amamasuka nalo funso limeneli, amayamba kukamba za agogo ake ndi za mudzi umene anakulira, ndipo inu mudzatola mawu ambiri kuposa a m'buku.

FUNSO: Aphunzitsi, ndikuphunzira unamwino ku Augsburg. Mnzanga wa kuntchito wandiitanira kwa makolo ake pa 25 Disembala kukadya nkhomaliro. Ine sindidya nkhumba komanso sindimwa mowa. Ndikuopa kukachita manyazi kapena kukawakhumudwitsa. Ndikanene chiyani? Ndine mnyamata wa chaka choyamba.

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo, chifukwa langizo langa loyamba n'lakuti muwauze lero, osadikira mbale ili kale patsogolo panu. Uzani mnzanuyo kuti: "Ich esse kein Schweinefleisch und trinke keinen Alkohol." Ku Germany kunena zotere sikukhumudwitsa munthu. Chimene chimawawa wophika ndi kuona mlendo akukankhira pambali chakudya chimene wachivutikira kuyambira m'mamawa. Nkhumba imabisala m'malo amene simungaganizire: der Speck, tizidutswa ta nyama yankhumba yofutsa, amatha kuika m'ndiwo zamasamba, ndipo das Schmalz ndi mafuta amene angakhale a nkhumba kapena a tsekwe. Mowa nawo umalowa mu msuzi, makamaka vinyo wofiira, der Rotwein. Funso lothandiza ndi ili: "Ist da Speck drin?" kapena "Ist da Alkohol drin?"

Pa 25 ndi pa 26 ndiwo masiku a tchuthi, der erste ndi der zweite Weihnachtsfeiertag, ndipo chakudya chachikulu chimabwera pamenepa. Chotchuka kwambiri ndi der Gänsebraten, tsekwe wootcha mu uvuni. M'mimba mwake amaikamo maapozi, anyezi, nthawi zina die Maronen, amene ndi mtedza waukulu wotsekemera wa mumtengo, komanso kachitsamba kowawira kotchedwa Beifuß, kamene amati kamathandiza m'mimba popeza nyama ya tsekwe ndi yamafuta kwambiri. Mabanja ena amaotcha bakha, die Ente, ena nyama yakutchire, das Wild. Pambali pake pamakhala kabichi wofiira wophikidwa ndi maapozi ndi viniga, ndi timipira ta mbatatesi kapena ta buledi tonyowetsera msuzi.

Apa ndiye samalani, poti muli ku Bayern. M'buku lanu kabichiyo analemba kuti der Rotkohl, koma kumene muliko adzati das Blaukraut. Timipirato buku likuti der Kloß, ambiri die Klöße, koma iwo adzati der Knödel. Mukatchula mawu a kwawoko mudzaona nkhope zikuwala. Knödel musamudule ndi mpeni ngati nyama. Mumung'ambe ndi foloko, kuti msuzi ulowe bwino, komanso akuluakulu ena amaona kuti mpeni ukutanthauza kuti chakudyacho chalimba.

Tsopano zolankhula. Musayambe kudya mpaka mwininyumba atanena "Guten Appetit", inu n'kuyankha "Danke, gleichfalls." Akakufunsani ngati mukufuna kuonjezera, chenjerani ndi mawu akuti "Danke". Mukangonena okhawo, ambiri amamva kuti mwakana, mbale n'kudutsa. Ngati mukufuna nenani "Ja, gerne", ndipo musadikire kuti akukakamizeni kachiwiri kapena kachitatu, chifukwa amakhulupirira yankho lanu loyamba. Mukakhuta nenani "Ich bin satt." Musanene "Ich bin voll", chifukwa ambiri angamve kuti mwaledzera, inu amene simumwa n'komwe. Poyamikira, "Das schmeckt mir sehr gut" ndi okwanira, ndipo onani kuti ndi mir osati ich, poti mneni schmecken amayenda ndi Dativ.

Makolo a mnzanuyo muwatchule Sie mpaka iwo eni atakupatsani du. Mufike pa nthawi imene akuuzani, chifukwa tsekwe akapsa sadikira munthu. Mutengeko kamphatso kakang'ono, kaya maluwa kaya chokoleti, ndipo polowa munene "Frohe Weihnachten!" mokweza, mukuwayang'ana kumaso.

FUNSO: Aphunzitsi, ndikukonzekera mayeso a B1 ndipo m'kalasi mwathu aliyense apereka kankhani kamphindi zochepa. Ine andipatsa mutu wa Stollen ndi Lebkuchen. Pa zithunzi zonse zikungooneka ngati makeke. Kusiyana kwake n'kotani, ndipo ndinganene chiyani choti anzanga asagone? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, mwapatsidwa mutu wabwino kuposa yonse, ndipo ndikhalitsapo pang'ono.

Tiyambe ndi katchulidwe. St koyambirira kwa mawu amamveka ngati "sht", choncho ndi "Shtolen". Der Stollen ndi buledi wolemera wa yisiti, wodzaza batala, mphesa zouma, maalimondi, ndi makoko a malalanje ndi mandimu ophikidwa mu shuga, amene ndi das Orangeat ndi das Zitronat. Akangotuluka mu uvuni amamupaka batala wosungunuka n'kumukwirira ndi shuga wosalala ngati ufa, der Puderzucker. Sadyedwa tsiku lomwelo. Amamukulunga n'kumusunga pamalo ozizira milungu ingapo kuti zokometsera zilowerere. Anthu amati maonekedwe ake, oyera ndi opindidwa, amaimira khanda Yesu atakulungidwa m'nsalu. Mphesa zoumazo kawirikawiri amaziviika mu ramu, zimene osamwa mowa ayenera kudziwa.

Nkhani yoti anzanu asagone nayi. Poyamba Stollen chinali chakudya cha nyengo yosala, ndipo malamulo a tchalitchi sankalola batala. Ankangosakaniza ufa, yisiti, madzi ndi mafuta, chinthu chouma chosakoma. Olamulira a ku Sachsen, dera la kum'mawa kwa Germany, anapempha ku Roma, ndipo mu 1491 Papa Innocent VIII anatumiza kalata imene mpaka lero imatchedwa der Butterbrief, kalata ya batala. Inalola kugwiritsa ntchito batala, koma anthu ankayenera kupereka ndalama zothandizira kumanga tchalitchi chachikulu cha ku Freiberg. Kenako mu 1730, wolamulira wa ku Sachsen August der Starke anachititsa chionetsero cha asilikali ku Zeithain, ndipo analamula kuti aphike Stollen wolemera pafupifupi matani 1.8 kuti alendo ake adye. Pokumbukira zimenezo, kuyambira mu 1994 mzinda wa Dresden umachita chikondwerero cha Stollenfest, pamene amayendetsa Stollen wamkulu pa ngolo m'misewu n'kumudula. Msika wa Khirisimasi wa mumzindawo, Striezelmarkt, unayamba mu 1434, ndipo dzina lake likuchokera ku Striezel, dzina lakale la Stollen yemweyo. Lero dzina lakuti Dresdner Christstollen ndi lotetezedwa ndi malamulo a European Union: amaphikidwa ku Dresden ndi madera ozungulira basi, majarini saloledwa, ndipo batala ayenera kukwana theka la kulemera kwa ufa kapena kuposa.

Der Lebkuchen ndi wina ndithu. Alibe yisiti, kutsekemera kwake kwachikhalidwe ndi kwa uchi, ndipo mphamvu yake ili mu zonunkhiritsa: der Zimt amene ndi sinamoni, die Nelken amene pa Chingerezi ndi cloves, der Kardamom, der Anis, der Koriander. Mzinda wa Nürnberg unatchuka naye pa zifukwa ziwiri zomveka bwino. Unali pa mphambano ya misewu ya amalonda amene ankabweretsa zonunkhiritsa kuchokera kutali, ndipo nkhalango yozungulira mzindawo inali ndi alimi a njuchi ambiri, otchedwa Zeidler. Wapamwamba kwambiri ndi der Elisenlebkuchen, amene ayenera kukhala ndi mtedza wosachepera magawo 25 pa 100 ndi ufa wosaposa magawo 10 pa 100. Pansi pake pali kachinthu koyera kopyapyala kotchedwa die Oblate. Ophunzira anga ambiri amafuna kukasenda poganiza kuti ndi pepala. Kamadyedwa, ndipo n'kachibale ka mkate wa mgonero wa kutchalitchi, poti ophika oyambirira ambiri anali a m'nyumba za amonke.

Kum'mawa, monga ku tauni ya Pulsnitz, mudzamva der Pfefferkuchen. Musayembekezere kuti muwawa tsabola: kale mawu akuti Pfeffer ankawagwiritsa ntchito pa zonunkhiritsa zonse zochokera kunja. Ku Aachen ali ndi zawo zolimba zotchedwa Printen. Ngati nthawi ingakutsalireni, tchulani Dominosteine, timabokosi ta chokoleti tokhala ndi Lebkuchen, jamu wolimba ndi Marzipan (maalimondi opera osakaniza ndi shuga) mkati, timene Herbert Wendler anayambitsa ku Dresden mu 1936 kuti anthu osakwanitsa kugula maswiti odula apezeko kanthu.

Pa kankhani kanuko musayese kunena zonsezi. Sankhani kalata ya batala ndi njuchi za ku Nürnberg, muzifotokoze ndi ziganizo zanuzanu zazifupi. Aphunzitsi amasangalala ndi weil ndi deshalb oikidwa pamalo pake kusiyana ndi mndandanda wa zaka.

FUNSO: Aphunzitsi, ndapeza malangizo ophikira Plätzchen, timabisiketi ta Khirisimasi, m'Chijeremani koma adzaza zilembo zachidule: EL, TL, Pck., Msp. Ndithandizeni. Ndine wophunzira wokonda kuphika.

YANKHO: EL ndi Esslöffel, supuni yaikulu yodyera. TL ndi Teelöffel, supuni ya tiyi. Pck. ndi Päckchen, kapaketi, ndipo amalemba choncho chifukwa Backpulver, ufa wofufumitsa, ndi Vanillezucker, shuga wa vanila, amagulitsidwa m'timapaketi ta muyezo wodziwika. Ka shuga wa vanila kamakhala magalamu 8. Msp. ndi Messerspitze, kungotapa ndi nsonga ya mpeni, pamene eine Prise ndi kutsina ndi zala. Zina zonse Ajeremani amayeza pa sikelo m'magalamu, ndipo ndikukulimbikitsani kutero, chifukwa Plätzchen salola kuyerekeza.

Kuphika ndi njira yabwino zedi yophunzirira aneni, popeza dzanja likuchita chimene pakamwa pakunena. Ufa wosakaniza kale ndi der Teig. Mumaukanda, kneten. Mumausiya m'firiji, kalt stellen. Mumauyala ndi mpini wake, ausrollen. Mumadula nyenyezi ndi mitima ndi tizitsulo, ausstechen. Mumaika pa das Blech, thireyi yachitsulo yophikirapo, n'kulowetsa mu uvuni, backen. Onani kuti ausrollen ndi ausstechen amaduka pakati: "Ich rolle den Teig aus." Muzinena mokweza uku mukuchita. Pa kutentha, mukaona Umluft ndiye kuti uvuni wa fani, ndipo umafuna madigiri pafupifupi 20 kutsika poyerekeza ndi Ober- und Unterhitze, moto wa pamwamba ndi pansi.

Yambani ndi Butterplätzchen, savuta. Vanillekipferl, tooneka ngati mwezi wongokhala kumene, timathetheka msanga tikadali totentha, choncho muzitidikira pang'ono. Zimtsterne, nyenyezi za sinamoni, alibe ufa wa tirigu n'komwe, ndi maalimondi opera, shuga ndi zoyera za mazira, ndipo amamata m'manja koopsa. Amenewo muwasiyire chaka chamawa.

FUNSO: Aphunzitsi, ndinapita ku Weihnachtsmarkt, msika wa Khirisimasi, n'kugula chakumwa chotentha. Anandilipiritsa ndalama zoposa zimene zinalembedwa pa bolodi. Kodi anandibera poona kuti ndine mlendo? Ndine bambo wokhumudwa.

YANKHO: Bambo, ndikukhulupirira kuti mwakumana ndi das Pfand, chikole cha kapu. Pa misika imeneyi chakumwa amathira m'kapu yeniyeni yadothi kapena yagalasi, ndipo amaonjezera mayuro angapo amene amakubwezerani mukabweza kapuyo. Nthawi zina amakupatsaninso kachitsulo kapena kapulasitiki kozungulira, die Pfandmarke, koti mubweze pamodzi ndi kapu. Mukaikonda kapuyo n'kupita nayo kunyumba, ndalamayo yapita. Ulendo wina mufunse kuti: "Ist das mit Pfand?"

Der Glühwein ndi vinyo wotenthetsa ndi sinamoni, Nelken ndi makoko a malalanje. Amatsekemera, ndipo m'chisanu munthu sazindikira msanga kuti walowa m'mutu. Akakufunsani "Mit Schuss?" akutanthauza kuonjezeramo mowa waukali monga ramu. Wopanda mowa ndi der Kinderpunsch, ndipo ngakhale dzina likutchula ana, akuluakulu amagula popanda wowaseka. Mudzalaweko gebrannte Mandeln, maalimondi okazinga mu shuga, amene fungo lake limakupezani musanafike n'komwe pamsikapo.

FUNSO: Aphunzitsi, mawu onsewa ndingawasunge bwanji ndi der, die, das wake? Ndikaloweza lero, mawa asokonekera. Ndine wophunzira wa A2.

YANKHO: Mwana wanga, pa mawu a Khirisimasi muli ndi mwayi, chifukwa malamulo awiri okha akuchotserani theka la katunduyo. Loyamba: mawu ophatikiza amatenga der, die kapena das wa liwu lomaliza. Tsekwe ndi die Gans, koma nyama yootcha ndi der Braten, choncho der Gänsebraten. Mbatatesi ndi die Kartoffel, saladi ndi der Salat, choncho der Kartoffelsalat. Mukadziwa der Kuchen mwadziwa kale der Lebkuchen ndi der Pfefferkuchen, mukadziwa der Wein mwadziwa der Glühwein. Lachiwiri: mawu ochepetsa othera ndi -chen onse ndi das, ndipo sasintha akachuluka. Soseji ndi die Wurst, koma kasoseji ndi das Würstchen. Das Plätzchen, das Päckchen, chimodzimodzi. Der Kuchen asakusokonezeni, iye si wochepetsa, zilembo zomalizazo zangofanana.

Otsalawo muwamangirire ku masiku, osawalemba mndandanda wa afabeti. Tengani pepala mulembe madeti. Pansi pa Lamulungu loyamba la Advent ikani der Adventskranz, nkhata ya masamba ya makandulo anayi, pamodzi ndi der Stollen ndi die Plätzchen, poti ndi pamene amayamba kuonekera pa tebulo la khofi wa masana. Pansi pa 6 Disembala, der Nikolaustag, ikani der Stiefel, jombo imene ana amasiya pakhomo usiku wa pa 5, ndi zimene amapezamo m'mawa: die Nuss, die Mandarine, die Schokolade. Pansi pa 24 ikani saladi, masoseji ndi der Karpfen, pansi pa 25 tsekwe ndi anzake. Liwu lililonse mulilembe ndi der, die kapena das wake komanso mmene limakhalira akachuluka, die Nuss, die Nüsse, die Gans, die Gänse, ndipo tsiku lake likafika mupange nalo chiganizo chimodzi n'kuuza munthu.

Mafunso okhudza Silvester, usiku wa pa 31 Disembala, afika mochedwa, ndidzawayankha m'magazini yotsatira.